Matimati si Mpunga

Towela anali kuthirira matimati ake. Lole inaima pamsewu. Fumbi linakwera. Fumbi litatha, panaoneka mayi wina. Anali ndi chikwama chimodzi. Anali ndi chipewa chachikulu cha mlaza. Palibe amene anabwera kudzamulandira. Palibe amene anamudziwa.

Mayiyo anayang'ana nyumba ya kwa a Towela. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kunyumba ya aphunzitsi a Virginia. Chitseko chinatseguka. Chitseko chinatsekeka.

Towela anabwerera kudimba lake. Iye anali ndi vuto lakelake. Matimati ake anali kudwala.

Towela anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali kukhala ku Kambombo ndi amayi ake, a Agness. Atate ake anali a Robson. Iwo anali kugwira ntchito ku Chifunda. Anali kulonda nyama za m'tchire. Ku Chifunda ndi kutali.

Asanapite, a Robson anampatsa Towela njere za matimati. Zinali m'kapepala. Anati adzabwera mwezi wa Ogasiti. Towela anawalonjeza chinthu chimodzi.

"Adada, mukadzabwera mudzadya matimati olima ine."

Towela anafesa njere. Njere zinamera. Anawokera mbande khumi kuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse anali kuziwerenga. Zinali khumi.

Amayi ake anali mlimi wa mpunga. Agogo ake analinso alimi a mpunga. Towela anakulira kudambo. Anaona mpunga utaima m'madzi. Anaona mpunga ukukondwa m'madzi. Ndiye anachita zimene anali kudziwa.

Anaumba kakhoma ka matope. Kakhomako kanazungulira mbande zonse. Kenako anatunga madzi kuchitsime. Anathira m'mawa. Anathira masana. Anathira madzulo. Madzi anadzaza. Mbande zinaima m'madzi ngati mpunga.

Masamba anayamba kusanduka achikasu. Mitu ya mbande inawerama. Towela anathamangira kwa amayi ake. Amayi ake anali kupuntha mpunga pabwalo. Anali otopa. Anamuuza kuti mbewu ikafota ndiye kuti ili ndi ludzu. Anati awonjezere madzi.

Towela anawonjezera madzi.

Mnzake Chipo anabwera kudzaona. Anaima pampanda. Anayang'ana madzi aja.

"Iwe Towela, ukulima matimati kapena ukuweta achule? Mawa ndibwere ndi mbedza?"

Towela sanaseke. Mbande imodzi inali itafa. M'mawa mwake inafa ina. Tsiku lachitatu inafanso ina. Manje zinatsala zisanu ndi ziwiri.

Masiku onsewo mlendo uja anali kudutsa pampanda. Anali kuima pang'ono. Anali kuyang'ana. Ana anayamba kumutcha Amayi a Chipewa.

Tsiku lachinayi Towela anabwera ndi ndowa yodzaza. Anafuna kuthira. Anamva mawu kumpanda.

"Dikira, mwana wanga. Ukulima chiyani?"

"Matimati," anayankha Towela.

"Ine ndimayesa mpunga."

Amayi a Chipewa anapempha kulowa. Towela anawatsegulira. Iwo anavula nsapato. Anaponda m'matope. Anazula mbande imodzi yakufa. Anamuonetsa Towela mizu yake. Mizu inali yakuda. Mizu inali kununkha.

"Matimati si mpunga," anatero Amayi a Chipewa. "Mpunga umakonda kuima m'madzi. Matimati amakonda kumwa chabe. Mizu yake imafuna kupuma."

Towela anafunsa ngati zotsalazo zidzafanso. Iwo anati sakudziwa. Anati ayese.

Poyamba anagumula kakhoma ka matope. Madzi anatuluka. Anatuluka onse. Achule awiri anatulukanso. Chipo anawaona ndipo anaseka kwambiri. Ulendo uno Towela nayenso anaseka pang'ono.

Amayi a Chipewa anati asathirire masiku awiri. Towela anachita mantha. Masiku awiri opanda madzi? Anabisa ndowa pansi pa nkhokwe kuti iye mwini asaione.

Madzulo amayi ake anabwera kudzaona mlendo. Anapatsana moni mwaulemu. A Agness anamva za mizu yakuda. Anagwira pakamwa. Anati iwo ndiwo anamuuza mwana kuti awonjezere madzi. Anati kwawo chilichonse chobiriwira amachiyesa mpunga. Onse awiri anaseka.

A Agness anafunsa kumene mlendo wachokera. Iwo anati kutali, kutauni. A Agness anafunsa chimene wadzera. Iwo anati adzera mphepo ya kuno. A Agness sanafunsenso. Anawapatsa mpunga watsopano m'kambale.

Koma Towela anafunsa mlendoyo.

"Amama, dzina lanu ndani?"

"Dzina langa latopa ndi ulendo. Lisiye lipume."

Masiku awiri anatha. Dothi linauma pamwamba. Mbande zisanu ndi ziwiri zinali zikadali moyo. Imodzi inadzutsa mutu.

Amayi a Chipewa anabwera m'mamawa. Anamuuza Towela kuti alowetse chala m'dothi. Towela analowetsa chala. Chala chinatuluka chouma.

"Chala chikatuluka chouma, thirira. Chala chikatuluka chonyowa, dikira."

Towela anabwereza mawuwo. Chouma, thirira. Chonyowa, dikira.

Anatenga chitini chaching'ono. Mbande iliyonse inamwa chitini chimodzi. Towela anathira pansi, patsinde. Sanathire pamasamba. Amayi a Chipewa anati masamba onyowa amadwala msanga. Anatinso nthawi yabwino ndi m'mawa, dzuwa lisanakwere.

Tsiku lina anapita kukhola la mbuzi. Anatola manyowa akale. Manyowa ouma, osanunkha. Anawaika mozungulira mbande. Sanawagunditse patsinde. Kenako anakwezera dothi.

Tsiku lina anapita pabwalo la a Agness. Anatenga mapesi a mpunga. Anawayala pansi pa mbande. Amayi a Chipewa anati mapesi amasunga chinyezi. Anati amaletsanso udzu kumera.

"Mwaona, Amama," Towela anauza amayi ake. "Mpunga wanu wathandizako."

Mbande zinakula. Zinafika m'mawondo a Towela. Masamba atsopano anali obiriwira. Manje sizinalinso mbande. Inali mitengo ya matimati. Towela anaiwerenga. Inali isanu ndi iwiri.

Mphepo ya mu Juni inayamba kuomba. Mitengo inapendama. Amayi a Chipewa anabwera ndi nsungwi. Nsungwi iliyonse anaizika pafupi ndi mtengo wake. Anamanga ndi luzi. Anamanga momasuka. Anati tsinde lidzanenepa, lisadzapweteke.

Towela anayesa kumanga. Mfundo yoyamba inamasuka. Yachiwiri inathina kwambiri. Yachitatu inakhala bwino.

Kenako panabuka mkangano. Pakati pa tsinde ndi tsamba panali kutuluka timphukira. Amayi a Chipewa anati tichotsedwe. Anati timadya chakudya cha zipatso. Towela anakana. Anaima patsogolo pa mitengo yake. Anatambasula manja.

"Ayi. Itatu inafa kale. Sindifuna kudulanso kanthu."

Amayi a Chipewa sanakwiye. Anati mtengo umodzi ausiye ndi mphukira zake zonse. Inayo aichotse mphukira. Anati mitengo idzaweruza yokha. Towela anaganiza. Kenako anavomera. Anatsina timphukira ndi zala. Zala zake zinasanduka zobiriwira. Zinanunkhira matimati tsiku lonse.

Anachotsanso masamba a pansi. Masamba ogunda dothi. Anawataya kutali ndi dimba.

Tsiku lililonse Towela anali kuyang'ana pansi pa masamba. Anali kufuna mbozi. Akapeza mbozi, anali kuiika m'chitini. Nkhuku zinali kudikira kunja kwa mpanda. Nkhuku zinamukonda kwambiri Towela.

Nanga Amayi a Chipewa anali ndani? Ana onse anali kufuna kudziwa. Chipo anati ndi woimba wa pa wailesi. Anati wathawa anthu ofuna kumuona. Towela anaganiza kuti ndi mwana wa mfumu ya kutali. Mwina anasochera. Mwina akufuna munthu.

Anapita kukafunsa aphunzitsi a Virginia. Aphunzitsi anali kuchonga makope pakhonde. Anamvetsera bwino. Anamwetulira.

"Funso limenelo silili m'buku langa," anatero.

Amayi a Chipewa nawonso anali ndi mafunso. Anali kufunsa akumanga luzi. Anafunsa ngati atate a Towela amaseka. Towela anati amaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati amakwiya msanga. Towela anati amakwiyira anyani okha. Amayi a Chipewa anangogwedeza mutu. Anapitiriza kumanga.

Maluwa anatuluka. Anali aang'ono. Anali achikasu. Maluwa anagwa. Pamalo pake panatsala tizipatso. Tinali tobiriwira. Tinali tolimba ngati timiyala.

Tizipatso tinakula. Pa mitengo isanu ndi umodzi zipatso zinali zazikulu. Pa mtengo wa mphukira masamba anali ambiri. Koma zipatso zake zinali zazing'ono. Towela anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mitengo inali itaweruza.

Mwezi wa Ogasiti unafika. Munthu wina wa njinga anabweretsa kalata. A Agness anaiwerenga pakhonde. A Robson anali kubwera Loweruka.

Towela analumpha. Anathamangira kudimba. Anauza Amayi a Chipewa. Koma iwo sanakondwe. Anasiya luzi.

"Ntchito yanga yatha," anatero. "Chipatso choyamba chikafiira, ine ndipita."

Towela anafunsa chifukwa. Iwo anangotola luzi lija.

Lolemba m'mawa Towela anapita yekha kudimba. Anayang'ana mtengo woyamba. Anayang'ana wachiwiri. Pa wachitatu anaona chinthu. Chipatso chimodzi chinali chitafiira.

Towela anali kudikira tsiku limeneli. Anadikira miyezi itatu. Koma manje sanafune kuti Amayi a Chipewa apite. Anayang'ana kumpanda. Kunalibe munthu. Anatenga mapesi a mpunga. Anaphimba chipatsocho.

Lachiwiri zinafiira ziwiri. Towela anaziphimba ndi masamba a nthochi. Lachitatu zinafiira zinayi. Lachinayi zinafiira zambiri. Mapesi sanakwane. Masamba sanakwane.

Lachisanu Towela anatenga chitenje cha amayi ake. Chinali cha maluwa ofiira. Anachifunditsa pa mitengo. Anaima pambali ngati palibe chachitika.

Amayi a Chipewa analowa m'dimba. Anayang'ana chitenje. Anayang'ana Towela.

"Matimati ako lero avala. Apita kutchalitchi?"

Towela anayang'ana pansi. Amayi a Chipewa anachotsa chitenje. Anachotsa masamba a nthochi. Anachotsa mapesi pa chipatso choyamba chija. Chinali chitang'ambika. Nyerere zinali zitalowa.

Anamuuza kuti matimati amafuna dzuwa ndi mphepo. Anati akapsa ayenera kuthyoledwa. Akakhalitsa amang'ambika. Akaphimbidwa amawola.

Towela anatola chipatso chong'ambikacho. Anachipereka kwa nkhuku. Anachita manyazi.

"Ndinachiona Lolemba," anatero Amayi a Chipewa.

"Nanga bwanji simunapite?"

"Miyendo inakana. Koma mawa ndipita. Lole ibwera m'mawa."

Towela anapempha chinthu chimodzi. Anapempha kuti mawa athyole limodzi. Iwo anavomera.

Loweruka kunacha bwino. Amayi a Chipewa anabwera ndi chikwama chawo. Anachiika pampanda. Anagwira dengu. Towela anayamba kuthyola.

Anathyola pang'onopang'ono. Anathyola chimodzi. Anachipukuta. Anachiika m'dengu. Anapuma. Anathyola china. Anachipukuta. Anachiika m'dengu. Anapumanso.

"Iwe mwana, lero wasanduka nkhono?" anafunsa Amayi a Chipewa.

Pamsewu lole inaima. Inaliza hutala. Amayi a Chipewa anafuna kuika dengu pansi. Towela anawagwira mkono.

"Amama, ndinalonjeza Adada matimati. Pandekha onse akanafa. Akandifunsa wandithandiza ndani, ndidzati chiyani? Ngakhale dzina lanu sindilidziwa."

Lole inalizanso hutala. Amayi a Chipewa anayang'ana kumsewu. Anayang'ana dengu. Anayang'ana Towela. Sanasunthe.

Lole inanyamuka. Inapita.

"Thyola, tione," anatero motsitsa mawu.

Dengu linadzaza. Matimati anali ofiira. Anali osalala. Anali olemera. Ngakhale mtengo wa mphukira unaperekako tiwiri.

Dzuwa litakwera, belu la njinga linalira. Towela analidziwa belulo. Anathamanga ndi chipatso m'manja. A Robson anatsika panjinga. Anali fumbi lokhalokha. Anamunyamula Towela m'mwamba. A Agness anatuluka akuseka. Analandira katundu.

Towela anapereka chipatso ndi manja awiri.

"Adada, idyani. Ndalima ine."

A Robson anachitembenuza. Anachinunkhiza. Analuma. Madzi anatsika pachibwano. Analumanso. Anati ku Chifunda konse kulibe matimati otere. Anapempha kuona dimba.

Anaona mapesi pansi. Anaona nsungwi. Anaona luzi. Anawerenga mitengo. Inali isanu ndi iwiri. Towela anawauza za kakhoma ka matope. Anawauza za achule. A Robson anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa amene anamuphunzitsa zonsezi.

Towela anayang'ana uku ndi uku. Chikwama chinali pampanda. Mwini wake sanaoneke. Koma kuseri kwa mitengo yaitali kunaoneka nsonga ya chipewa.

Towela anapita kumeneko. Anawagwira dzanja. Anawakoka pang'ono. Amayi a Chipewa anatuluka. Anavula chipewa chawo.

A Robson anasiya kuseka. Anayang'ana. Anayang'anabe. Anapukuta m'maso.

"Mlongo wanga," anatero. "Ndiwe?"

"Ndine, Robson."

Amayi aja analankhula movutika. Anati anachoka kwawo kalekale. Anachoka osatsanzika. Anatsata munthu amene anamukonda, mpaka ku migodi. Zaka khumi ndi ziwiri zinapita. Sanalembe kalata. Anali ndi manyazi. Anamva kuti mlongo wawo ali ndi mwana. Anafuna kungomuona mwanayo. Anadikira nthawi imene Robson kulibe.

"Ndinaopa kuti ukadali wokwiya," anatero.

A Robson anapukusa mutu. Anawagwira manja onse awiri.

"Ndinakwiya chaka chimodzi. Zaka zinazo ndinali kuyang'ana kumsewu."

A Agness anayala mphasa pamthunzi. Anatenga chikwama chija pampanda. Anachilowetsa m'nyumba. Anati lero ndiwo ndi matimati, mawanso matimati. Onse anakhala pansi. Dengu linali pakati.

A Robson anamuuza Towela kuti awa ndi ankhazi ake. Ankhazi ndi mlongo wa atate. Anamuuzanso kuti tsiku limene iye anabadwa, sanavutike kufuna dzina. Anamupatsa dzina la munthu amene anali kumusowa.

Towela anasendera pafupi ndi ankhazi ake. Anasankha chipatso chachikulu m'dengu. Anawapatsa ndi manja awiri.

"Ankhazi, manje ndiuzeni dzina lanu."

Iwo analandira chipatso. Anamukhazika Towela pamiyendo pawo.

"Dzina langa ndine Towela."